Mavoti 537 a ku Florida: mmene chigawo chimodzi chinasankhira pulezidenti wa America mu 2000

Pa 7 Novembala 2000, anthu pafupifupi 6 miliyoni a m'chigawo cha Florida, kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la America, anaponya voti yosankha pulezidenti. Patatha masiku 19, akuluakulu a chigawocho analengeza kuti a George W. Bush a chipani cha Republican apeza mavoti 2,912,790, pamene a Al Gore a chipani cha Democratic apeza mavoti 2,912,253. Anasiyana ndi mavoti 537 okha, ndipo mavoti amenewa ndi amene anapatsa mtsogoleri dziko la anthu oposa 280 miliyoni. Koma pali chiwerengero china chimene sichitchulidwa kawirikawiri ngakhale kuti ndi pamene pagona nkhani yonse: pa chisankho chomwecho, mapepala oponyera voti pafupifupi 175,000 a ku Florida anatayidwa osapatsidwa kwa aliyense wa opikisanawo. Mapepala otayidwawo anali ochuluka kuwirikiza maulendo oposa 300 poyerekeza ndi mavoti amene anasiyanitsa anthu awiriwa.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene chigawo chimodzi chinagwirira dziko lonse pakhosi kwa masabata asanu, ayenera kudziwa kuti ku America pulezidenti sasankhidwa pophatikiza mavoti a dziko lonse monga timachitira ku Malawi. Chigawo chilichonse chili ndi nthumwi zake m'bungwe lotchedwa Electoral College, ndipo chiwerengero cha nthumwizo chimafanana ndi cha aphungu amene chigawocho chimatumiza ku nyumba ziwiri za malamulo ku Washington. Nthumwi zonse, kuphatikizapo za mzinda wa Washington, zilipo 538, choncho wopambana amafunika nthumwi 270. M'zigawo zonse, kupatula Maine ndi Nebraska, amene watsogola pa mavoti amatenga nthumwi zonse za chigawocho, kaya watsogola ndi mavoti 1 miliyoni kaya ndi voti imodzi. M'chaka cha 2000 Florida inali ndi nthumwi 25. Zigawo zina zonse zitawerengedwa, a Gore anali ndi nthumwi 267 ndipo a Bush anali ndi 246, kutanthauza kuti palibe amene akanalowa ku White House popanda Florida. M'dziko lonse a Gore anaposa a Bush ndi mavoti oposa 500,000, koma malinga ndi malamulo a dzikolo zimenezi sizinkawathandiza kanthu.

Chachiwiri chofunika kudziwa n'chakuti America ilibe bungwe limodzi loyendetsa zisankho m'dziko lonse. Florida ili ndi maboma 67, amene kumeneko amawatcha county, ndipo lililonse linali ndi mkulu wake woyang'anira zisankho, linkagula lokha makina owerengera mavoti, komanso linkakonza lokha maonekedwe a pepala loponyera voti. Anthu awiri okhala m'maboma oyandikana ankavotera anthu omwewo pa mapepala osiyana, owerengedwa ndi makina osiyana, ndipo mwayi woti voti ya wina itayidwe unali waukulu kuposa wa mnzake.

Aliyense ankadziwa kuti ku Florida kudzakhala kulimbana koopsa. Kumpoto kwa chigawochi, kumene kuli malo ambiri a asilikali, anthu ankakonda chipani cha Republican. Kum'mwera chakum'mawa, m'maboma a Broward ndi Palm Beach, kunali okalamba ambiri amene anasamukira kumeneko atapuma pa ntchito ku New York ndi madera ena ozizira, ambiri mwa iwo Ayuda, ndipo ankakondwa kuti womutsatira wa a Gore anali a Joe Lieberman, Myuda woyamba kuima pa udindo umenewu m'chipani chachikulu. Ku Miami, anthu ochokera ku Cuba anali ndi mkwiyo ndi boma la a Bill Clinton, limene a Gore anali wachiwiri kwa pulezidenti wake, chifukwa mu Epulo chaka chomwecho linatenga mwamphamvu mwana wotchedwa Elián González m'nyumba ya abale ake n'kumupereka kwa bambo ake, amene anabwerera naye ku Cuba. Anthu akuda anatuluka mwaunyinji kukavota, ndipo pa anthu 10 alionse, 9 anasankha a Gore. Bwanamkubwa wa chigawocho anali a Jeb Bush, mng'ono wawo wa a George W. Bush, ndipo mlembi wamkulu wa chigawo, amene anali ndi udindo wotsimikizira zotsatira, anali mayi Katherine Harris, mmodzi mwa atsogoleri a kampeni ya a Bush ku Florida.

Usiku wa chisankho, nthawi itatsala pang'ono kukwana 8 koloko, mawailesi akanema akuluakulu analengeza kuti a Gore atenga Florida, pomwe kumadzulo kwa chigawocho, kumene nthawi imatsalira ndi ola limodzi, malo oponyera voti anali asanatseke. Cha m'ma 10 koloko anabweza mawu awo. Itangodutsa 2 koloko usiku analengeza kuti wapambana ndi a Bush, ndipo a Gore, amene anali mumzinda wa Nashville, anaimba foni kwa a Bush kuvomereza kuti agonja. Ali m'galimoto kupita kukalankhula kwa owatsatira, anthu awo anawauza kuti kusiyana kwa mavoti kukucheperachepera, ndipo anaimbanso foni kubweza kuvomereza kuja. Pamene kunkacha, a Bush anali patsogolo ndi mavoti 1,784. Lamulo la Florida linkanena kuti ngati opikisana asiyana ndi mavoti osapitirira theka la 1 peresenti, makina awerengenso. Makina atawerenganso, kusiyana kunatsika kufika pa mavoti 300 ndi pang'ono.

Kodi zingatheke bwanji kuti makina omwewo, powerenga mapepala omwewo, atulutse chiwerengero china? Yankho lili pa khadi limene maboma akuluakulu monga Miami-Dade, Broward, Palm Beach ndi Duval ankagwiritsa ntchito. Wovota ankapatsidwa khadi lolimba lopanda dzina la munthu, lokhala ndi timabokosi ting'onoting'ono tambirimbiri todulidwa kale m'mbali koma togwira m'makona anayi. Ankalilowetsa m'kachipangizo kokhala ndi kabuku ka mayina, kenaka n'kutenga kachitsulo kosongoka n'kubowola pa bowo loyang'anizana ndi dzina la munthu amene akumufuna. Kachidutswa ka pepala kamene kankathothoka ankakatcha chad. Munthu akabowola mwamphamvu, kachidutswako kankagwera pansi, ndipo makina owerengera, amene ankadalira kuwala kodutsa pa bowo, ankawerenga voti. Koma ngati dzanja linali lofooka, kapena khadi silinalowe bwino, kapena tizidutswa takale tinali titadzaza kunsi, kachidutswako kankatsala lende, katagwira ndi kona imodzi kapena awiri, mwinanso kankangotuza osabooka. Khadi lotere likamadutsa m'makina, kachidutswa kolendewera kankatha kubwerera n'kutseka bowo, ndipo makina ankaona ngati munthuyo sanavotere pulezidenti. Likadutsanso kachiwiri, kachidutswako kankatha kuthothoka, voti n'kuoneka.

Maboma ena ankagwiritsa ntchito pepala lodetsa ndi pensulo, ngati la mayeso osankha yankho. Kumene makina owerengera anali pamalo oponyera voti pomwepo, pepala lolakwika linkalavulidwa wovota akuona, ndipo ankapatsidwa lina. M'maboma oterewa mapepala otayidwa sankafika 1 pa 100 alionse, pamene m'maboma a makhadi obowola ankayandikira 4 pa 100. Boma la Gadsden, limene anthu ake ambiri ndi akuda komanso osauka, linkatenga mapepala onse kukawerengera malo amodzi wovota atapita kale kwawo, ndipo linataya pepala limodzi pa mapepala 8 alionse.

Ku Palm Beach kunabuka vuto lina. Opikisana pa mpando wa pulezidenti ku Florida analipo 10, ndipo mkulu wa zisankho m'bomalo, mayi Theresa LePore, amene anali wa chipani cha Democratic, anafuna kuti mayina alembedwe m'zilembo zikuluzikulu kuti okalamba aziwaona bwino. Anayala mayinawo pa masamba awiri oyang'anizana, mabowo ali mumzere umodzi pakati, ndipo anthu analitcha pepalali butterfly ballot chifukwa linkaoneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Kumanzere, dzina loyamba linali la a Bush ndipo lachiwiri linali la a Gore. Koma bowo lachiwiri silinali la a Gore. Linali la a Pat Buchanan a chipani cha Reform, amene dzina lawo linali pa tsamba lakumanja. La a Gore linali lachitatu. Munthu wowerenga kuchokera pamwamba kutsika m'munsi, akaona a Gore pa nambala yachiwiri, dzanja linkapita pa bowo lachiwiri. A Buchanan anapeza mavoti 3,407 ku Palm Beach, ochuluka kuposa m'boma lina lililonse la Florida, m'dera la anthu amene ambiri sankagwirizana n'komwe ndi maganizo awo, ndipo eni akewo ananena poyera kuti akukhulupirira kuti ambiri mwa mavotiwo sanali awo. Kuwonjezera apo, makhadi pafupifupi 19,000 m'bomalo anatayidwa chifukwa anabowoledwa pawiri, ndipo oposa 5,000 mwa amenewa anali ndi bowo la a Gore ndi la a Buchanan. Zikuoneka kuti munthu ankabowola, n'kuzindikira kuti waphonya, n'kubowolanso pa malo oyenera, osadziwa kuti potero wapha voti yake.

Ku Duval, kumene kuli mzinda wa Jacksonville, mayina a opikisana anaikidwa pa masamba awiri otsatizana, pamene chitsanzo cha pepala chimene chinafalitsidwa chisankho chisanachitike chinkauza anthu kuti avote pa tsamba lililonse. Amene anamvera malangizowo anavotera anthu awiri. Mapepala pafupifupi 27,000 anatayidwa m'bomalo, ambiri mwa iwo m'madera a anthu akuda. Nkhani ya ku Duval sinamveke kwambiri ngati ya ku Palm Beach, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti inatero, chifukwa mapepala obowoledwa pawiri kumeneko anali ochuluka kuposa a ku Palm Beach.

Panalinso anthu amene sanafike n'komwe pogwira pepala. Pa nthawiyo lamulo la Florida linkaletsa munthu amene anapezeka wolakwa pa mlandu waukulu kuvota moyo wake wonse, pokhapokha akuluakulu a chigawo atamubwezera ufuluwo. Chigawocho chinalemba ganyu kampani ya Database Technologies kuti ipange mndandanda wa anthu oyenera kufufutidwa m'kaundula, ndipo kufananitsa mayina kunachitika mosakhwimitsa, moti anthu osalakwa analowa mumndandandawo chifukwa chofanana dzina ndi munthu wina. Akuluakulu a zisankho m'maboma ena anakana kuugwiritsa ntchito ataona zolakwika zake, koma ena anautsatira. Mu 2001 bungwe la boma loona za ufulu wa nzika, la United States Commission on Civil Rights, linapeza kuti pepala la munthu wakuda ku Florida linali ndi mwayi wotayidwa wowirikiza pafupifupi ka 10 kuposa la munthu wina. Bungweli linanenanso kuti silinapeze umboni woti akuluakulu a chigawo anachita kupangana kuti alande anthu ufulu wovota. Chimene linawadzudzula nacho ndi kulekerera.

Maloya atalowa m'nkhaniyi, mbali iliyonse inayamba kuyang'ana kumene mavoti ake angachokere. A Gore anapempha kuti mapepala awerengedwenso ndi manja m'maboma anayi okha, Volusia, Palm Beach, Broward ndi Miami-Dade, onse okhala maboma amene iwo anapambanamo. Pambuyo pake anapereka ganizo loti chigawo chonse chiwerengedwenso, koma a Bush anakana, ndipo maloya awo anali kale kukhoti kufuna kuletsa kuwerenga ndi manja kulikonse. A Democratic, amene ankalalikira kuti voti iliyonse iwerengedwe, anayesa kukanitsa mavoti ena ochokera kunja kwa dziko, ambiri a asilikali, chifukwa chosowa chidindo cha ku positi ofesi. A Republican, amene ankaumirira kuti malamulo atsatidwe mmene analembedwera, anakakamiza kuti mavoti oterewo alandiridwe m'maboma owakonda. Mavoti akunjawo ataphatikizidwa, a Bush anatsogola ndi 930.

M'zipinda zowerengera, makomiti a anthu atatu ankanyamula khadi limodzilimodzi n'kuliloza ku nyali, nthawi zina n'kuliyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, oimira zipani ali chilili kumbuyo kwawo. Lamulo linkangonena kuti afufuze cholinga cha wovota, osafotokoza ngati khadi longotuza lili voti kapena ayi. Broward inalandira makhadi ambiri otere, ndipo a Gore anawonjezera mavoti 567. Palm Beach inasintha muyeso wake ntchito ili mkati. Miami-Dade inasiya kuwerenga pa 22 Novembala, tsiku limene gulu la otsatira chipani cha Republican, ena mwa iwo ogwira ntchito m'maofesi a aphungu ku Washington, linachita phokoso ndi kumenya zitseko panja pa chipinda chowerengera; komitiyo inati yasiya chifukwa nthawi inali yosakwanira. Mayi Harris ankafuna kutseka zonse pa 14 Novembala, khoti lalikulu la Florida linatalikitsa nthawiyo kufika pa 26 Novembala, ndipo madzulo a tsikulo iwo anatsimikizira kusiyana kwa mavoti 537, atakana zotsatira za Palm Beach zimene zinachedwa ndi maola ochepa.

Amalawi amene akukumbukira chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, pamene khoti linafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 n'kulamula china, angafunse chifukwa chimene anthu a ku Palm Beach sanavoterenso. Ena anapemphadi zimenezo, koma khoti linakana, ponena kuti tsiku losankha pulezidenti limaikidwa ndi malamulo a dziko lonse. Nthumwi zinayenera kukumana pa 18 Disembala, ndipo lamulo lina lakale linkati chigawo chimene chathetsa mikangano yake masiku 6 tsikulo lisanafike, kutanthauza pa 12 Disembala, nthumwi zake sizingatsutsidwe ku nyumba ya malamulo. Kalendala imeneyi ndi imene inadzagamula mlandu.

Pa 8 Disembala khoti lalikulu la Florida, majaji 4 motsutsana ndi 3, linalamula kuti m'chigawo chonse awerengenso ndi manja mapepala amene makina sanaonepo voti ya pulezidenti. Ntchito inayamba m'mawa mwake, koma masana a tsiku lomwelo khoti lalikulu la dziko lonse, majaji 5 motsutsana ndi 4, linaiimitsa. Pa 11 Disembala linamva mbali zonse, a Theodore Olson akuimira a Bush ndipo a David Boies akuimira a Gore, ndipo usiku wa pa 12 Disembala linapereka chigamulo cha mlandu wa Bush v. Gore. Majaji 7 anaona kuti kuwerenga ndi miyeso yosiyana m'maboma osiyana kunali ndi vuto pa lamulo loti nzika zonse zitetezedwe mofanana. Koma awiri mwa amenewa, a David Souter ndi a Stephen Breyer, anati mankhwala ake ndi kubweza nkhaniyo ku Florida kuti akaike muyeso umodzi n'kupitiriza kuwerenga. Asanu, a William Rehnquist, mayi Sandra Day O'Connor, a Antonin Scalia, a Anthony Kennedy ndi a Clarence Thomas, anati nthawi yatha. Anawonjezera kuti maganizo awowo akukhudza mlandu umenewu wokha, mawu amene akatswiri a malamulo akhala akuwafunsa mpaka lero. A John Paul Stevens, potsutsa, analemba kuti mwina wopambana weniweni sadzadziwika, koma wogonja ndi wodziwikiratu, ndiye chikhulupiriro cha anthu mwa oweruza.

Ine ndimaona kuti chigamulochi chinali ndi chilema chachikulu. Ngati kusiyana kwa miyeso powerenganso kunali kuphwanya ufulu wofanana, ndiye kuti kusiyana kwa makina pa tsiku lovota kunauphwanya koposa, chifukwa ndi kumene kunachititsa kuti munthu wa ku Gadsden kapena ku Jacksonville ataye voti yake pa kulakwitsa kumene mnzake wa boma lina anapatsidwa mwayi wokonza. Khoti linaona kusalingana kwakung'ono n'kusiya kwakukulu, ndipo nthawi imene linati yatha, mbali ina linaidya lokha poimitsa ntchito pa 9 Disembala.

A Gore anavomereza kugonja pa 13 Disembala, akunena kuti sakugwirizana ndi chigamulocho koma achilandira. Nthumwi zitavota, a Bush anapeza 271 ndipo a Gore 266, chifukwa nthumwi imodzi ya ku Washington inasiya pepala lake losalemba podandaula kuti anthu a mzindawo alibe phungu wovota ku nyumba ya malamulo. Pa 6 Januwale 2001 a Gore eni ake, monga wapampando wa Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo zija, ndi amene anatsogolera mwambo wowerenga mavoti a nthumwi. Aphungu angapo, ambiri akuda, anaimirira mmodzimmodzi kutsutsa mavoti a Florida, ndipo a Gore anawakhazika pansi onse chifukwa panalibe seneta ngakhale mmodzi amene anasainira dandaulo lawo monga lamulo linkafunira. A Bush analumbirira udindo pa 20 Januwale.

Kutsutsa galu n'kukumba, ndipo manyuzipepala akuluakulu a ku America anakumbadi. Analemba ntchito bungwe la kafukufuku la NORC la ku yunivesite ya Chicago kuti liunike mapepala otayidwa aja limodzilimodzi, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu Novembala 2001. Zinaonetsa kuti akanawerenganso maboma anayi okha amene a Gore anapempha, a Bush akanapambanabe, ndipo akanapambananso ntchito imene khoti la Florida linalamula ikanathera pa mapepala osaoneka voti okha. Koma chigawo chonse chikanaunikidwa, kuphatikizapo mapepala amene makina anati avotedwa pawiri, a Gore akanatsogola ndi mavoti osapitirira 200. Mavoti awo anabisala pamene maloya awo sanayang'ane: m'maboma a pepala la pensulo monga Lake, anthu ena anadetsa pa dzina la a Gore kenaka n'kulembanso dzina lomwelo pa mzere wa m'munsi, makina n'kuyesa kuti avotera anthu awiri, pomwe cholinga chawo chinali chosakayikitsa.

Choncho amene amati khoti linalanda a Gore mpando amanena zopitirira umboni, ndipo amene amati kuwerenganso kunatsimikizira kupambana kwa a Bush nawonso amasiya mbali ina ya nkhani. Ena amaloza chala a Ralph Nader a chipani cha Green, amene anapeza mavoti oposa 97,000 ku Florida, ndipo ena amakumbutsa kuti a Gore akanangopambana kwawo ku Tennessee, kumene kunali nthumwi 11, kapena ku New Hampshire, kumene kunali 4, Florida sikanafunika. Zonsezi n'zoona. Komabe umboni wa ku Palm Beach ndi ku Duval umandikhutiritsa kuti anthu amene ananyamuka kunyumba tsiku limenelo ndi mtima wovotera a Gore anali ochuluka kuposa amene ankafuna a Bush, ndipo ambiri mwa iwo panalibe kuwerenganso kumene kukanawathandiza, chifukwa khadi lokhala ndi mabowo awiri oyera silinena kuti mwini wake ankafuna liti.

Mu 2001 nyumba ya malamulo ya Florida inaletsa makhadi obowola m'chigawo chonse, ndipo mu 2002 boma la America linakhazikitsa lamulo la Help America Vote Act, limene linapereka ndalama zoti zigawo zigulire makina atsopano komanso linalamula kuti munthu amene dzina lake silikupezeka m'kaundula azipatsidwabe pepala lapadera, lodzawerengedwa akatsimikizira kuti ndi woyenera. Pa chisankho cha 2004 a Bush anatenganso Florida, ulendo uno ndi mavoti oposa 380,000, ndipo chaka chomwecho anthu a ku Palm Beach anavota kuchotsa mayi LePore pa udindo woyang'anira zisankho.